Mathileyi Makumi Anayi ndi Awiri

Kuno ku Vermont basi imabwera kamodzi pa tsiku,
ikafuna.
Koleji yathu inafungatira phiri ngati thadzi pa mazira,
ndipo ng'ombe zotizungulira n'zambiri kuposa ophunzira.
Akuti mwa khumi opempha malo amatolapo mmodzi.
Mmodziyo ndine, Lorna Pelkey,
mwana wa bambo uja amatula mkaka kukhomo la kukhitchini.
Kwathu n'kuseri kwa phiri lomweli,
poti galu wathu atafuna akhoza kundilondola.

Wogona naye chipinda, Cordelia, ngwa ku Manhattan.
Usiku woyamba anandigwedeza: "Ukumva?"
Ndinatchera khutu. Kunja kuli zii.
"Chimenecho," anatero, "n'chimene chikundiopsa."

M'kalasi timakhala khumi ndi awiri mozungulira tebulo,
palibe msana wobisalako.
Anzanga amayankhula ngati anayamwira m'laibulale.
Ine mawu anga ndimayamba ndawapukuta pakhomo
monga jombo zochokera m'khola,
pomwe ndikuti ndilowe nawo, nkhani yapita kale.

Sikisi koloko ndimamanga epuloni
kutsuka mbale za anthu omwe ikamakwana naini
tikhala tikutsutsana za chilungamo.
Ndimamudziwa amene amaluma buledi kamodzi n'kumutaya.
Sindinena.

Lachinayi chipale choyamba chinagwa.
Mwambo wake ngwakalekale:
belu likalira pakati pa usiku
aliyense amazembetsa thileyi m'chipinda chodyera,
kukhalapo, n'kutsetsereka phiri lonse
mpaka kumpanda wa a Gagnon.
Ndili mwana ndinkawaona mbandakucha, ndili m'lole ya bambo,
mathileyi ali mbwee m'chipale.
Bambo ankangopukusa mutu:
"Ana a eni ndalama."

Cordelia anabwera nawo awiri m'jekete.
Ndinati ndili ndi mayeso. Anati nayenso.
Ndinati ndine ndimawatsuka.
Anati, "Ndiye ukudziwa osang'aluka ndi ati."

Pamwamba paja mphepo inkaluma makutu.
Kumanzere, mawindo a laibulale ali ngwee.
Kumanja, kutali, getsi limodzi:
khola lathu, bambo akuchezera ng'ombe yoti ibereka.
Sindinadziwe koyang'ana.
Wina anandikankha.

Liwiro lake!
Chipale m'mphuno, m'kamwa, m'malaya,
mnyamata wotaya buledi uja akukuwa ngati mwana wa mbuzi,
ine kuseka mpaka nthiti kuwawa,
gubudu! pampanda wa a Gagnon,
mpanda womwe ndinathandiza kukhoma ndili ndi zaka khumi ndi zitatu.
Ngwolimba ndithu.

M'mawa Mayi Thibault anandipatsa pensulo:
"Werenga asowa angati."
Ndinawerenga kawiri. Makumi anayi ndi awiri.
Anayang'ana chotupa pachipumi panga,
nayang'ana pepala.
Ndinalemba makumi anayi ndi limodzi.
Anapinda pepalalo n'kuika m'thumba.
"Mkaka wafika," anatero. "Pita ukawalonjere bambo ako."