Buku la Marandi Khumi

Ndinaligula pa kaunjika ku Park Station,
chikuto chothothoka, likununkha chinyezi,
mwini wake woyamba atasiya dontho la tiyi
pakati penipeni pa thambo.

Likuti: yamba ndi mzere
pomwe dziko limakumana ndi mitambo.
Koma ku Hillbrow mzerewo uli kuti?
Nyumba zinaumeza kalekale.

Likuti: zakutali uzijambula mopepuka,
pensulo izingonong'ona.
Ndiye usiku, pageti pomwe ndimalondera ku Booysens,
tochi kukhwapa, zala zitauma ndi chisanu cha Juni,
ndimanong'oneza pepala za chulu cha mgodi,
chachikasu, chophwatalala pamwamba ngati tebulo,
chomwe amalume a Chikaonda
anaunjika nawo mpaka mapapo kutha.

Ndafufuta kasanu. Labala watha.
Dzanjali ndi laliuma:
lasongola nsonga, lawonjezera thanthwe,
kanjira ka mbuzi kotsetserekera kudimba.

M'mawa Sibusiso, polandira makiyi, wasuzumira:
"Kumeneku si ku Joni."

Zoonadi. Ndi phiri la Dedza,
zaka zisanu ndi ziwiri osaliona.
Bukuli silinandichenjeze
kuti zakutali zina zimakana kupepuka.