Buleki Imene Kulibe

Epulo wafika ku Winnipeg, chisanu chagonja,
misewu ikutuluka thukuta lakuda,
ndipo ine ndagwada pakhomo la galimoto
ngati wolapa, ndowa pambali,
zitseko zinayi zonse zili yasa.

Mchere umene amawaza m'misewu kuti matayala asaterereke
wakhala ukukwera ndi nsapato zathu miyezi isanu.
Lero wauma pakapeti, mbuu,
mizere yokhotakhota ngati mapu a dziko la eni.

Bambo Desjarlais asuzumira pampanda, khofi m'manja:
"Halyna, viniga ndi madzi ofunda, theka ndi theka.
Osakhula ngati mukulipsira munthu.
Thirani, dikirani, mchere umadzuka wokha."
Kuthira ndathira.
Kudikira ndiko sindinaphunzire.

Mphasa zarabala ndazikung'untha pakhoma,
mipando ndaikankhira kumbuyo mpaka yakana.
Makina okoka fumbi alira, ameza mchenga,
nyenyeswa za buledi,
ubweya wa galu amene tinaika m'manda dzana lija,
ayi, papita zaka ziwiri.
Zina azilavula: ndolo yopanda inzake,
tikiti ya poimika galimoto kuchipatala,
switi yomera ndevu,
kakhobidi kofiira kamene sitolo zinaleka kulandira.

Kumbuyo kuli banga lakale la msuzi wa bitiruti.
Larysa anali ndi zaka zisanu ndi zinayi,
poto pamiyendo, tikupita kwa azakhali pa Khirisimasi.
"Si ine, Amayi, ndi msewu!"
Soda analephera, thovu linalephera,
lero burashi nayo yangolisisita.
Likhale. Nalonso ndi wachibale.

Tsono kutsogolo, mbali ya wokwera,
pansi pa pamene panali mphasa,
ndapeza chigamba chotuwa, kukula kwake ngati chikhatho.
Ndathira viniga. Ndakhula. Ndathiranso.
Zala zafota, mawondo akudandaula,
kenako ndapapasa bwinobwino:
si litsiro ayi.
Kapeti yachita dazi.

Ndalizindikira phazi langa.

Chilimwe chija Larysa ankaphunzira kuyendetsa,
ndinkakhala pano, lamba wothina pachifuwa,
pakamwa pakuti "ukuchita bwino, mwanangu,"
phazi likuponda buleki imene kulibe.
Pa Portage, basi ikatulukira, ponde.
Wanjinga akakhota osaloza, ponde.
Nyali yachikasu ili kutali uko, ponde, ponde,
mpaka mphasa inkaterereka n'kuthawira kutsogolo,
nsapato n'kumadya kapeti yeniyeniyo.
Galimoto sinandimverepo n'kamodzi komwe.
Inkaima iye akafuna,
ndipo inkaima bwino.

Mawa m'bandakucha akupita ku Thunder Bay,
kuchipatala kumene amulemba ntchito.
Maola asanu ndi atatu a miyala, mitengo, malole,
ndi nyama zazitali zodutsa msewu osayang'ana.
Pampando wangawu padzakhala katoni ya mabuku,
ketulo, ndi duwa la m'chitini lomangidwa lamba.
Katoni ilibe phazi.

Watulukira, tsitsi lonyowa, makiyi akulira pachala.
Wanunkhiza. "Amayi, ndiyenda m'botolo la nkhaka?"
Waseka, kenako maso agwa padazi paja.
Sananene kanthu.
Wavula silipasi, waikapo phazi lake,
lakwana ndendende,
waponda kamodzi, pang'onopang'ono,
ngati munthu woyesa ngati madzi aundanadi.

Ndapsinya kapeti ndi thaulo lakale
mpaka laleka kumwa.
Mchere wadzukadi, monga ananenera aja;
uli m'ndowa, madzi ake ngati tiyi wa dzulo.
Mphasa ndaziyanika, mawindo ndasiya pang'ono,
pakuti kapeti yotsekeredwa yonyowa imachita nkhungu,
fungo lake silimva sopo.

Wati akaiyendetse kamphindi, mphepo iumitse.
Wabwerera chambuyo mpaka mumsewu, osayang'ana kwa ine.
Pamphambano pakubwera lole ya zinyalala.
Ndaima pasimenti, ndowa m'manja,
madzi akutayikira pasiketi,
phazi lamanja lakanikiza pansi,
ndipo Bambo Desjarlais, mwaulemu wawo,
akuyang'ana m'kapu.