Wogulitsa Maloko

Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikudyera mantha a anzanga.
Ndimagulitsa maloko, ine Eladio,
pansi pa masitepe mazana awiri
otsikira kudoko la Valparaíso.
Ntchito ya padoko itachepa, anthu anayamba kusamuka,
ndipo aliyense asananyamuke ankadzera kwa ine:
loko wamkulu, unyolo wa mikono iwiri.
Msewu unkafa, ine ndikunenepa.

Kenako kunabwera Fresia, mwana wa malemu wosoka nsapato,
penti m'zikhadabo, kope m'khwapa.
Akuti tichite chikondwerero.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Chikondwerero cha yani? Cha makoswe a panambala 40?
Iye osaseka.
Anangoti, "Makiyi otsala aja mukadali nawo?"

Ndinali nawo, m'chitini cha mabisiketi,
makiyi a anthu amene sanabwerere,
aliyense ndi kachingwe kake ndi dzina.
Eniake tinawalembera makalata.
Ena anayankha. Ena anatsikira kale kulichete.

Loweruka lija ndinatsegula zitseko zisanu ndi zinayi.
Dzimbiri linalira, chuku chinatilonjera pakhomo.
M'sitolo yakale ya buledi
ana anapachika zithunzi za abambo awo akusenza matumba.
Mometera tsitsi munalowa malipenga,
galasi losweka likuonetsa oimba atatu ngati khumi.
Mnyamata amene anandibera wailesi chaka chatha
anajambula nangumi pakhoma lonse la sukulu,
ndipo ine, wopusa, ndinamugwirira makwerero.

Banja lililonse linapenta sitepe yake.
Yachikasu, yofiira, ina ya nsomba zoyang'ana kumwamba.
Sitepe ya 113 tinaisiya.
Palibe anatiuza. Tinangoidumpha.
Mpamene anagwera mwana wa Nélida usiku uja
magetsi a mumsewu atathima sabata yachitatu.

Nélida, zaka zinayi osatsika.
Madzulo tinamva mpando ukukhwekhwereza kumtunda,
anyamata awiri atamunyamula ngati mkwatibwi.
Anati, "Nditsitseni apa."
Anapempha burashi.
Sanajambule duwa, sanalembe dzina,
anangopaka mtundu wa malaya amene mwanayo ankakonda,
wobiriwira, mbali imodzi osafika m'mphepete.
Ng'oma zinadikira mpaka penti itauma.
Kenako zinayamba, ndipo phiri lonse linagwedezeka,
ngakhale bondo langa loipali linaiwala zaka zake.

Lolemba kunali mapepala m'ngalande,
mutu ukuwawa, mbale za eni osadziwika.
Akhonsolo, amene sankatidziwa, anadzakonza magetsi.
Lachinayi kunafika bambo wa nsapato zonyezimira
kudzafunsa mtengo wa nyumba ya panambala 40.
Walira mvula walira matope.
Fresia anamuyankha kuti makoswe sanaganize zogulitsa,
koma usiku ndinaona nyali yake ikuyaka mpaka mbandakucha,
akuwerengetsera lendi ya anthu onse.

Maloko sakuyenda malonda masiku ano.
Unyolo wachita dzimbiri pamsomali.
Chimene anthu akufuna ndi makiyi achiwiri:
wina wosiya kwa mnansi,
wina wa ana a malipenga, amene amafika ine nditagona.
Dzulo Nélida anatsika yekha, atagwira khoma,
nandipatsa kiyi wake kuti ndisule atatu.
Sindinafunse kuti ndi a yani.
Ndinamulipiritsa awiri.