Kalendala ya Chaka Chatha

Chifunga cha Juni chatsika ku Kaning'ina,
chameza nsanja ya wotchi ndi anyamata a sakaramento.
Pa khonde la sitolo ya misomali ndi penti
makina anga osokera akhala chete.
Makasitomala akadali m'mabulangeti.

Pakhoma pali kalendala ya chaka chatha.
Mwini wake amakana kuitsitsa,
akuti masiku ndiwo anatha, zithunzi ayi.
Ndi Dipesh, wowerenga katundu m'sitolomu,
wochokera ku Nepal,
dzina lomwe poyamba ndinkaliyesa la mankhwala a chifuwa.
Watuluka ndi makapu awiri a tiyi wa jinja.
"A Chavula, lero ntchito kulibe. Tiyeni tikayende."
Wanyambita chala, watsegula Januwale.

Kachisi wa madenga asanu,
osanjikizana ngati mbale zotsukidwa.
Pamakwerero pake njovu zamiyala,
pamwamba pa njovu mikango,
aliyense, akuti, aposa wam'munsi mphamvu kakhumi.
Ndafunsa, "Nanga wapamwambayo amaopa yani?"
Iye wangopemerera tiyi.

Febuluwale ndi chulu choyera, chachikulu kuposa msika,
chokhala ndi maso mbali zonse zinayi.
Anthu ovala zofiirira akuchizungulira.
Koma ine telala, diso langa lathamangira pa tinsalu
topachikidwa pa zingwe, tabuluu, toyera, tachikasu.
"Anasoka izi ndani? Mpendero uli kuti?"
Waseka mpaka kutsamwa.
"Sitipinda dala. Mphepo izitengako ulusi umodziumodzi,
pemphero limachoka choncho."
Zaka makumi atatu ndakhala ndikupinda m'mphepete mwa nsalu
kuti kanthu kasathawe.

Malichi ndi nyumba yachifumu,
mazenera makumi asanu ndi asanu, onse osemedwa,
nkhunda zadzaza bwalo la njerwa.
Mizinda itatu, akuti, mafumu ake apachibale,
uyu akamanga nsanja, uyo sagona tulo.
Ndati zimenezo ndiye ndikuzidziwa,
mkulu wanga atakhoma malata ku Zolozolo
ndinakhala mwezi wathunthu osamulonjera.

Epulo wamulumpha.
Ndaonako ngodya chabe:
makwerero, dengu la maluwa achikasu, phazi la mayi.
"Amayi anga ankagulitsa pamenepo.
Nthaka inagwedezeka masana, tsiku Loweruka."
Sindinafunse zambiri.
Lole ya matabwa a ku Chikangawa yadutsa,
makapu athu anjenjemera pa benchi.
Tsopano ndadziwa amene wapamwamba uja amamuopa.

Kenako wanditembenukira.
"Nanga mzinda wa mafumu anu uli kuti?
Zaka zinayi ndili kuno, palibe wandionetsa."
Ndayang'ana msewu, mabanki, malo omwetsera mafuta.
Ndimuuze chiyani?
Malinga athu anali a mitengo ndi tsekera,
chiswe ndicho chinalowa ufumu.
Ndati, "Mukapempheretu tchuthi kwa abwana.
Ndidzakutengani kwathu, kuseri kwa Ekwendeni,
tsiku lovina ingoma.
Mukaona zishango zikukwera, mapazi akugwa pamodzi.
Mzinda wathu umaimirira m'fumbi maola atatu,
ukatero umabwerera m'mawondo a nkhalamba.
Nafenso nthaka imagwedezeka,
koma timaigwedeza tokha."
Wafunsa ngati povina amavula nsapato.
Ndati ambiri alibe zoti avule.

Belu la m'sitolo lalira, wina akufuna mahinjesi.
Dipesh walowa, kalendala waisiya pa Meyi.
Chifunga chayamba kung'ambika cha ku Katoto.
Mayi wina wafika ndi yunifolomu yothetheka m'khwapa,
akuti ndifulumire, mwana akudikira kunyumba ali chimbudumbudu.
Ndasoka, ndapinda, ndalandira zanga.

Pansi pa makina panatsala kansanza ka chitenje,
kobiriwira, kosakwana ndi thumba lomwe.
Ndakamangirira pa waya wa ngalande ya denga.
Sindinakapinde.
Pofika madzulo ulusi uwiri unali utapita.