Ndodo Yolira

Mlamu wanga Chawanangwa pobwera ku Joni
sananditengere njinga kapena bulangete la kambuku.
Anandisiyira ndodo ya kambale kunsonga, yodya mabatire,
nati: kumchenga wa kunyanja yamchere inkandidyetsa iyi,
mphete, ndolo, mawotchi a anthu osambira.
Uona wekha chochita nayo.

Koma Mzuzu ali ndi gombe lanji?
Tili ndi nkhungu, mvula yosaodira,
matope ofiira a ku Masasa omeza nsapato.
Akuti tsikira ku Nkhata Bay.
Ya minibasi alipira ndani, ndodoyi?

Ndiye ndinayamba kufunsa madzi a konkuno:
anthu amavulira pati?
Amawerama pati mpaka thumba kusanza?
Pamwala pochapira amayi a ku Chiputula
ndodo inalira ngati mwanapiye wotayana ndi make.
Ndinafukula mapini, supuni yopindika,
wani tambala yakale, tambala wake atasiya kulira.

Padziwe lobatizira ndinafika Lolemba m'mamawa
poganiza kuti machimo samira okha,
amamira ndi kenakake ka m'thumba.
Ndinapeza zipi. Ndi waya wa magalasi a munthu
amene anavuuka ali watsopano koma osaona njira.

Anyamata okumba mchenga mu Lunyangwa
amatsamira mafosholo n'kumandiyang'ana.
Mukupenja vichi, dada?
Ena akuti boma landituma kusaka golide,
ena akuti ndi ufiti woyendera mabatire.
Sindiyankha. Khutu langa lili pansi pa madzi.

M'kope la masamu limene mwana wanga anasiya
ndajambulamo mtsinje wonse, wokhota ngati thumbo.
Mtanda ndi pamene ndapita kale.
Ndaphunzira kuti chitsulo sichithamanga ngati jumbo,
chimatopa msanga,
chimakhala pansi kuseri kwa mwala
kapena pamene madzi amabweza liwiro pokhota.
Ndaphunziranso kuti mvula iliyonse imafufuta mapu anga.

Epulo uja madzi atalowa m'nyumba ku Ching'ambo
anasiya mchenga watsopano kumunsi kwa kamlatho,
woyera, wosapondedwa.
Ndinati: gombe langa lija ndi ili.
Ndodo sinapume tsiku limenelo.
Mahinjesi a chitseko. Loko wotseka, wopanda chitseko.
Chivindikiro cha poto. Phazi la makina osokera.
Kenako mpukutu wa makiyi asanu pa waya,
womangidwa kansalu kofiira.

Sindinadziwe kuti wina akundiona.
NyaLuhanga anali chiimire pamtunda, beseni pamutu.
Anatsika osafulumira,
natambasula dzanja ngati wolandira chenji chake.
Anawapukuta pachitenje mmodzimmodzi.
Uyu wa pakhomo. Uyu wa kuchipinda.
Uyu wa sutikesi, uyu wa njinga ya malemu.
Wachisanuyu ndaiwala.
Ndinafunsa ngati nyumbayo ilipo.
Analoza ndi mlomo pamene pali nthochi zogona.
Makiyiwo anawamanga pamfundo ya chitenje
pamodzi ndi ndalama ya tomato,
nasenza beseni, napita.

Madzulo mkazi wanga anafunsa za mabatire,
kuti abweza liti ndalama yake ya sopo.
Ndinakhuthula thumba pakhonde:
misomali, zitsekerero, mahinjesi aja.
Wogula zitsulo ku Luwinga apereka ya mabatire awiri,
mwina atatu ngati sikelo yake yadzuka bwino.

Chawanangwa anaimba foni, akuseka:
mphete zingati, mlamu?
Ndinati palibe.
Ndinafuna kumuuza za kiyi wachisanu uja
koma mayunitsi anamuthera.

Usiku uno ikugwanso, malata akuchita kusokosa.
Ndatsegula kope pa nyali.
Kuseri kwa Zolozolo kuli khwawa lomwe sindinalipondepo,
ana asukulu amawolokerapo nsapato zili m'manja.
Palibe mtanda pamenepo.
Ndanola pensulo, ndayanika masokosi pambaula.