Mapazi a Albano

Adandiitana ine chifukwa manja a mnyamata uja amanjenjemera,
ndipo chitsekerero chimene chagona zaka makumi asanu
sichifuna munthu waphuma.
Ndidatsika masitepe khumi ndi asanu ndi anayi
omwe bondo langa lamanzere limawadziwa pamtima,
ndidapukuta fumbi ndi mkono wa malaya,
chaka nkutulukira papepala
ngati nkhope ya munthu wodzutsidwa pakati pa usiku:
1968.

Chitsekerero chidatuluka mwaulemu, osalira,
chofewa ngati buledi wogwera m'madzi.

Alendo adali anayi, ochokera ku Lisbon,
ndi Dona Ermelinda, mdzukulu wa bwana amene adatilemba ntchito.
Adapendeketsa matambula pamwamba pa nsalu yoyera.
Vinyoyo sadalinso psuu ngati tsiku lomwe tidamutsekera.
M'mphepete adali atatenga mtundu wa njerwa,
wa madenga a ku Pinhão dzuwa likapendeka pa Douro.

Wina adati akumva fodya.
Wina chikopa cha chishalo, nkhuyu zouma,
utsi wa kandulo imene yangozimitsidwa kumene.
Sadaname, sindikuwatsutsa ayi.
Kenaka Dona Ermelinda adakankhira tambula kwa ine:
Nanga inu, a Custódio?

Ndatsuka migolo ya nyumba ino mpaka zala kupindika,
koma uyu ndidali ndisadamulawepo.

Ndidapsontha, nkusunga mkamwa.
Poyamba kudali zii,
ngati nyumba yomwe eni ake adasamuka kalekale.
Kenaka kuseri kwa lilime kudatseguka chitseko,

ndipo udali usiku wa Sepitembala,
moponderamo mphesa mwa miyala ija,
amuna khumi ndi awiri titakolekana mapewa,
makabudula opinda, miyendo yofiira mpaka m'ntchafu,
lamanzere, lamanja, lamanzere,
kapitawo akuwerenga ndi mawu osasa,
mphesa zikuphulika phwii pakati pa zala,
zozizira pamwamba, zofunda pansi.
Kudzanja langa lamanja kudali Albano, mkulu wanga,
chala chake chachikulu chitakulungidwa kansanza
poti mwala wa m'munda udamucheka masana.
Adandinong'oneza akuseka:
Bwana adzamwa magazi anga osadziwa,
nkulipiranso ndalama zambiri.

Januwale wotsatira adawoloka mapiri usiku, wa ku France,
theka la chithunzi chake lili m'thumba,
theka linalo atasiyira amayi.
Lakelo lidabwera pa positi, kutanthauza kuti wafika.
Amayi adalumikiza nkhopeyo ndi phala la ufa wa tirigu,
mzere nkutsalabe pakati pa mphuno.
Makalata awiri.
Kenaka chete, chete mpaka amayi kutsikira kuli chete.

Manda ake sindiwadziwa.
Koma mapazi ake ndi awa,
akhala ali pansi pa nyumba ino nthawi yonseyi,
shelefu yachitatu kuchokera kukhoma lonyowa,
ine nkumawadutsa m'mawa uliwonse ndi tochi,
osapereka ndi moni womwe.

Ndidameza.
Kukhakhala kuja kwa unyamata kudali kutatha,
kudatsala kutentha kochepa, kotalika,
kotsika pang'onopang'ono ngati munthu wosafuna kutsanzika.

Onse adali kundiyang'ana.
Ndikumva kamchere, ndidatero.
Mlendo wa magalasi adanunkhizanso,
adagwedeza mutu, inde, inde, nthaka ya kuno imeneyo,
nalemba m'kabuku kake: mchere.

Atakwera kukadya, adasiya nsenga pansi pa botolo,
zakuda bii, zokwana supuni ziwiri.
Nsenga samwa, amatero odziwa.
Ndidakhala pa sitepe yomaliza, ndidavula nsapato,
ndidathira m'chikhatho,
nkupaka pa chala changa chachikulu.

Mnyamata uja adandipeza choncho.
Adafunsa ngati ndavulala.
Ndidati ayi, zimitsa magetsi, ndikubwera,
koma botololi usalitsuke.