Mbiri Yokulungira Chinangwa

Abiti Ndembo amakazinga chinangwa tsidya la mlatho, ku M'baluku,
n'kumakulungira m'masamba a buku lina
limene mwana wawo analisiya popita ku Joni.
Ine ndimagula cha mahandiredi atatu
ndikamapita kukalondera sitolo ya Che Ajasi
pafupi ndi nsanja ya wotchi.
Sukulu yanga yotsala ndi imeneyo:
tsamba limodzi usiku umodzi,
lonona mafuta, tsabola m'mphepete.
Chingerezi changa cha Fomu 2 chimatsimphina, koma chimafika.

Lolemba ndinadya ndi Aigupto.
Akuti anasanja miyala mpaka kugunda mitambo
kuti munthu mmodzi agone bwino atafa.
Tsamba linatchula dzina la wogonayo.
Silinatchule wotunga madzi,
kapena uja mwala unamuphwanya chala,
ngati kapitawo anamulola kupuma mawa lake.
Ndinatembenuza. Kuseri kunali mapu,
mafuta atameza nyanja yonse ndi mizinda iwiri.

Lachitatu, khoma la ku China,
lalitali moti kuchoka pano kukafika kwa Makanjira
n'kungoyamba kumene.
Pamenepo ndinapeza anzanga.
Iwe mlonda wa pakhoma lija, udzudzu unkakuluma?
Ukawodzera ankakudula malipiro?
Unkaidziwa nkhope ya mdani,
kapena unkangoopa mdima ngati ine?

Mafunso ena alibe ulemu.
Amabwera cha m'ma 2 koloko, agalu atatopa kuuwa.
Ndani anayamba kunena kuti mchere uzigulidwa?
Munthu woyamba kulemba
analemba pemphero kapena ngongole?
Tsiku limene ufumu wa Aroma unkagwa,
kodi panalibe mayi wina amene ankangoyanika zovala,
osadziwa kuti tsikulo lidzabwera pa mayeso?

Mfuti yaikulu ili pompano, pambali pa nsanja.
Ana amaikwera ngati bulu.
Ndimaifunsa: mkangano wa azungu okhaokha
unasochera bwanji mpaka kufika m'madzi athu?
Siyankha. Kukamwa kwake kwadzaza mapepala a switi.
Ndipo dera lomwe lino, akuti munkadutsa anthu
magoli ali m'khosi, kulowera kunyanja ya mchere.
Tsamba la zimenezo silinandipeze.
Mwina anakulungira wina.
Mwinanso zili bwino,
chifukwa ndikanafuna kudziwa za agogo a agogo anga,
ngati anali m'chingwe
kapena ndiwo ankagwira chingwecho.

Loweruka linali la chithunzi.
Ku Berlin anthu akugumula khoma ndi nyundo,
ena akuvina pamwamba pake.
Pakona, pamene mchere unamatirira,
msilikali wachinyamata waima, manja ali lende.
Ndi iyeyo amene ndinamuyang'ana
mpaka kumzikiti ataitanira swala ya m'bandakucha.
Kutacha anapita kukalondera chiyani?
Kunyumba anakanena kuti ntchito yatha,
kapena kuti dziko lasintha?

Dzulo chinangwa chabwera m'pepala la masamu.
Buku latha, atero Abiti Ndembo, akutembenuza chiwaya.
Ndinafunsa kuti linatha bwanji.
Anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi.
Linatha ndi mnyamata wa kabaza, atero,
anagula chambiri, ndinam'kulungira masamba atatu omaliza.

Tsono lero ndaima pamlatho, Shire akudutsa pansi osandifunsa kanthu,
ndikuyang'ana wa kabaza aliyense,
wonyamula thumba la makala, wonyamula mayi ndi nkhuku zake.
Mmodzi mwa iwowa anapukutira m'manja mathero a nkhani yonse
n'kuwaponya m'ngalande,
ndipo akupalasa bwinobwino, akuimba belu,
ine ndikuchedwa kuntchito.